Pomwe Sanalozepo Munthu

1.

Funso lachisanu ndi chimodzi pa pepala langa limati: Lozani pomwe madzi anadutsa.

Mawu anayi basi. Anawalemba ndi Bambo Chirambo, injiniya wa bungwe lathu, munthu wa ku Rumphi wokonda mawu ochepa ndi tiyi wambiri. Iwo ntchito yawo ndi mutu, ine yanga ndi miyendo. Ndimayenda khomo ndi khomo muno m'Chiwavi, m'tsinde mwa phiri la Nsomole, kufunsa za chigumula chimene chinachitika zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo. Pomwe munthu waloza, ndimaika kadontho kofiira pa mapu. Timadontho tikachuluka tipanga mzere, ndipo mzerewo udzauza bungwe pomwe siliyenera kumanga holo yothawirako madzi akadzabweranso. Masiku opanda chigumula, omwe ndi ambiri, holoyo idzakhala sukulu ya mkaka. Ana makumi asanu ndi limodzi, phala, nyimbo.

Mapu akufunika Lachisanu.

Ndine Velonika Sapuwa. Ndinakulira ku Balaka. Ndimalemba ndi dzanja lamanzere.

2.

Lolemba. Khomo loyamba. Mayi Nachisale, ogulitsa makala m'tijumbo, manja akuda mpaka m'zigongono.

Mayi, mungandilozereko pomwe madzi anadutsa?

Madzi ake ati?

A chaka chija.

Sanali madzi, mwanawe. Anali Apaulendo.

Mukunena Napolo?

Iii! Pakamwa pakopo palibe chitseko kodi?

Analavulira pambali. Anayang'ana kuphiri mwakuba, monga mmene munthu amayang'anira apongozi ake akamadutsa. Kenaka anatulutsa mlomo wam'munsi nautembenuzira kumadzulo, cha kuseri kwa chigayo. Vuto la mlomo ndi lakuti sudziwa pomwe wathera. Ndinapempha kuti abwereze. Anabwereza ndi chigongono.

Ndinaika kadontho kuseri kwa chigayo.

Osaloza, anatero akumanga kajumbo kena. Kunali mwana wina analoza.

3.

Ife a Chiwavi timati m'phirimo mumakhala chinjoka. Timati chikatopa ndi malo chimasamuka, ndipo posamuka sichipempha njira: miyala, mitengo, nyumba, zonse zimachiperekeza. Timati kumayamba kumveka ng'oma pansi pa nthaka. Dzina lake sititchula. Njira yake sitiloza, chifukwa kuloza ndi kuitana.

Ife tomwe tili ndi mafoni. Ife tomwe timapita kutchalitchi Lamulungu ndi kumzikiti Lachisanu, timakangana za mpira wa ku Ulaya, ana athu amalemba pa mayeso kuti mvula imachokera ku nthunzi ndipo amakhoza. Mukatifunsa ngati timakhulupirira za chinjokacho, tikusekani.

Timakhulupirira? Ayi.

Tiloze? Ayi.

4.

Zimene anthu andilozera nazo kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu:

mlomo, ambiri
chigongono
chibwano
nsidze
mthiko
nsonga ya ambulera
chidendene
mutu wa mlamba wouma
mwana wa kumsana, pomutembenuza

Chala: palibe.

5.

Za mwana analoza uja ndamva mitundu inayi. Ndimailemba kuseri kwa pepala, ngakhale palibe wandituma.

Fanuwelo wometa tsitsi, makina akulira pamutu pa munthu: Chala chinawola, sisi. Chinayamba kuda kunsonga, tsiku lachitatu chinagwa chokha ngati mchira wa buluzi.

Munachiona?

Ine ndinali ndisanabadwe. Koma aliyense akudziwa.

Mayi wa zitumbuwa pa siteji ya minibasi: Anasanduka mwala pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Oswa miyala anamuphwanya osadziwa. Panopa ali m'maziko a nyumba ina ya kumayadi, ndipo nyumbayo akuti imatuluka thukuta mwezi wa Malichi.

Abusa Thomu a mpingo wa m'tenti: Kunalibe mwana, mlongo. Ndi bodza la mdierekezi lomangira anthu a Mulungu m'mantha.

Ndiye mundilozere, abusa.

Analoza ndi Baibulo. Pambali.

Mtsikana wa pa mpope: Anali mnyamata.

Ine ndimakonda wa mwala uja. Iye bola, anakafika kumayadi.

6.

Lachitatu madzulo, ku ofesi. Bambo Chirambo atambasula mapu patebulo, ngodya zake apanikiza ndi makapu awiri, foni ndi mbale ya shuga.

Taonani, Mayi Sapuwa. Zokongola.

Timadontho tija tapanga mizere iwiri. Wina ukutsika kumadzulo, kuseri kwa chigayo. Wina kum'mawa, cha kwa wometa. Pakati n'poyera, popanda dontho ndi limodzi lomwe.

Ndiye kuti madzi anagawikana pawiri, akutero. Pakatipa panatsala chilumba. Makomo makumi asanu ndi atatu, palibe walozapo. Ndipo mukudziwa? Ndi malo okhawo opanda nyumba m'Chiwavi monse. Sitigwetsa khoma la munthu, sitisamutsa munthu. Holo ikhala apa.

Aika chala chawo pakati penipeni. Chala chachifupi, chikhadabo chowengedwa bwino.

Inu mukuti bwanji?

Inde, bwana.

7.

Iwe Velonika, tiye tikambirane awiriwiri. Masiku atatu wayenda Chiwavi yense ndipo sunapondepo Paja. Kuchoka kwa Nachisale kupita kwa wometa ndi mphindi ziwiri ukadula pa udzupo. Iwe umazungulira kumsewu, mphindi makumi awiri, nsapato zikukuluma. Ukuti ukulemekeza mwambo wa eni ake. Chabwino.

Paja. Dzina lina malowa alibe. Anthu amangoti Paja, mlomo utayang'ana kwina.

M'Chiwavi nyumba zapanikizana kotero kuti ukayetsemula kuchipinda, wa nyumba inayo amafunsa ngati wamwa mankhwala. Chimbudzi cha uyu chatsamira khitchini ya uyo. Koma pakati penipeni pagona malo a udzu, otsika kuchokera kuphiri mpaka kumsewu, ndipo palibe mpanda, palibe chikwangwani. Kwina konse zikwangwani za OSAMANGA PANO zinazulidwa kalekale, zikufolera makola a nkhuku. Pano palibe anadzalapo ngakhale phando limodzi la chimanga. Mbuzi samangirirapo. Mpira ukagweramo, wapita. Miyala ikuluikulu imene inatsika chaka chija anaiswa anthu ochokera kwina naitenga, udzu unatseka chilonda, kamtsinje anakalowetsa m'ngalande ya simenti kumbali. Mlendo sangaone kanthu.

Ukudabwa, eti? Chinthu chopanda yunifolomu, chopanda chibonga, chalondera malo zaka makumi awiri ndi zitatu osapuma. Lamulo la pa pepala silinathe ngakhale mwezi.

Ndipo mizere iwiri ija ukudziwa chimene ikunena. Madzi sanagawikane. Aliyense analozera pambali, wakumadzulo kumadzulo, wakum'mawa kum'mawa, kuti chigongono chake chisakhudze njirayo. Poyerapo si chilumba. Ndi njira yeniyeniyo.

Madzi saiwala khwawa.

Iwe unati inde, bwana.

8.

Lachinayi m'mawa msonkhano uli pabwalo la chigayo ndipo Bambo Chirambo aimirira pa kireti ya zakumwa kuti aoneke, athokoza anthu chifukwa cholandira bwino Mayi Sapuwa, afotokoza za chilumba, anena kuti mapuwa si a bungwe ayi koma a inu eni ake chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye atembenuka, atambasula mkono wonse kuchokera paphewa, chala chowongoka bwinobwino, naloza Paja, ndipo ngakhale chigayo chikhala ngati chatsamwa, mayi wina akokera mwana wake m'chitenje, Fanuwelo ayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake, Abusa Thomu atsegula Baibulo mozondotsa, Mayi Nachisale alavula kawiri, koma Bambo Chirambo saona zonsezi chifukwa maso awo ali kumene chala chawo chili, nafunsa mokondwa ngati munthu wobwera ndi mphatso kuti kodi alipo wotsutsa

Zii.

Alembi a komiti analemba kuti: Anthu onse anavomera.

10.

Nambala 9 ndaidumpha. Ndikudziwa. Ndibwererako. Ayambe alankhula a Chiwavi.

Ife tinavomera? Tinangokhala chete. Kuti utsutse uyenera kunena chifukwa, ndipo kunena chifukwa ndi kuloza ndi lilime. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Walozayo ndi mlendo, mwina Apaulendo samva Chitumbuka. Holoyo amange. Ife sitidzathawirako. Tidzathawira kutchalitchi cha pamtunda monga tinachitira kale.

Nanga ana?

Ana ndi nkhani ina. Phala la m'mawa si chinthu chokana. Ife timalawirira kumsika, kumaganyu, kukachapa kumayadi. Mwana umusiya ndi yani? Tidzawatumiza. Tidzawauza kuti azilowa mwaulemu, asamathamange, asamaloze. Ndipo tsiku limene ng'oma zidzamveke, ife tidzakhala tili kutauni, iwo ali m'kati, akuimba.

Tikudziwa. Musatiyang'ane choncho.

11.

M'kope la Bambo Chirambo, limene analisiya lotsegula popita kukatenga tiyi:

Malo opanda nyumba m'tauni ngati ino. Chifukwa chiyani? Mapu akale anadyedwa ndi chiswe. Zithunzi za m'mwamba zikungoonetsa udzu. Oyeza nthaka adzabwera titakhoma kale zikhomo. Tikapanda kusankha malo mawa, holo ipita dera lina, a Chiwavi akhala opanda kothawira.

Msonkhano: palibe wotsutsa. Palibenso anaomba m'manja. Kwathu anthu akavomera amachita phokoso.

Ineyo ndi digiri yanga sindiimba mluzu pa dziwe lija la kwathu. Amayi anandiletsa ndili mwana, chifukwa chake sindinafunse mpaka lero. Kodi ndi zingati zotere zimene zikugwira mzinda uno kuti usagwe? Nanga zimene zikuukankha ndi zingati? Kapena ndi zomwezo?

Mayi Sapuwa sanadye nkhomaliro masiku atatu. Ndiwafunse? Safunsa anadya phula.

12.

Lachinayi masana. Khomo lomaliza, m'mphepete mwenimweni mwa Paja. Che Ajibu, telala, ndevu zoyera, tepi m'khosi. M'Chiwavi monse mipando imafulatira udzuwo. Wawo wokha ndiwo umauyang'ana.

Ndinawerenga funso lachisanu ndi chimodzi. Sanatulutse mlomo, sanakweze chigongono. Ankayang'ana dzanja langa.

Mumalemba ndi lamanzere.

Inde.

Chibadwire?

Ndinaphunzira ku Balaka, kwa azakhali.

Lamanjalo linatani?

Palibe.

Anaponda makina, nasoka mpendero wonse wa siketi ya sukulu, nadula ulusi ndi mano.

Za mwana uja akuuzani?

Mitundu inayi.

Wachisanu ndi uwu. Chala sichinawole. Ine ndinalipo, pakhonde lomweli, makina omwewa. Mvula inali itagwa masiku atatu. Mwanayo analoza kuphiri, ine ndinayang'ana kumene chala chikupita, ndinaona phiri likuyenda. Ndinathawa sizasi ili m'manja. Nachisale anayang'ana. Bambo ake a Fanuwelo anayang'ana. Amene tinayang'ana tilipo.

Ndiye bwanji amati anaitana?

Chifukwa amake anamumenya padzanja, nakuwa kuti usaloze. Kumudzi kwawo ankaletsa kuloza phiri likamalira. Tonse tinamva. Ndipo anali mawu awo omaliza. Mawu omaliza a munthu ndani angawatsutse, mayi? Tinangowatola n'kuwasunga. Kusunga, kusunga, mpaka anasanduka lamulo.

Bwanji simunanene zaka zonsezi?

Ndinanena. Anati Che Ajibu akalamba. Telala amamvedwa pa nkhani ya thalauza basi.

Mundilozere tsono.

Ine ayi. Mkazi wanga ali pamenepo, ndipo munthu saloza pamene wagona mkazi wake. Komanso woloza bwino alipo. Ndikumudikira.

Pa mapu sindinaikepo kanthu. Ndinatsanzika, ndinazungulira kumsewu.

13.

Zimene zinapezeka kumsewu madzi ataphwera, monga anthu andiuzira:

mtondo wopanda munsi
belu la sukulu
mbuzi yamoyo pamwamba pa denga la eni ake
wailesi
mphika umodzi m'kati mwa unzake, yonse yosasweka
chitseko cha buluu, chokha

Zimene sizinapezeke: anthu khumi ndi asanu ndi awiri.

Madzi saiwala khwawa.

14.

M'minibasi, pobwerera, bondo la munthu wina lili m'nthiti mwanga.

Ndikanena mawa, holo simangidwa Paja. Bwino. Koma ndikati kulibe chinjoka, kuli dothi lokhuta madzi basi, ndiye kuti mlonda uja ndamuchotsa ntchito, ndipo chaka chamawa pa udzupo padzakhala maziko, njerwa, zingwe zoyanikapo matewera. Ndikakhala chete, mlonda akhalabe, koma ana alowa. Chinthu chomwecho chasunga anthu zaka zonsezi, chinthu chomwecho chikuwatseka pakamwa lero. Ndimafuna nditadziwa kuti umachigwira pati kuti chisakulume.

Iwe Velonika, zifukwa uli nazo zambiri, zonse zanzeru. Chenicheni sunachitchule. Ukuopa.

Kondakitala anandifunsa potsikira. Ndinamulozera ndi mlomo.

15.

Lachisanu m'mawa. Mitambo yaunjikana pa Nsomole. Bambo Chirambo ali pakati pa udzu ndi zikhomo zinayi, chingwe ndi hamala. Anthu abwera kudzaonera, koma aima m'mphepete, ena kumadzulo, ena kum'mawa. Mizere iwiri. Pakati n'poyera. Mapu anga aimirira ndi miyendo.

Chikhomo choyamba.

Chachiwiri.

Ndinaponda udzu. Unali wonyowa, wofewa, udzu wamba. Zinandidabwitsa kuti ndi wamba.

Bwana, funso lachisanu ndi chimodzi simunandifunse ine.

Inu si a ku Balaka?

Ndifunseni.

Anaika hamala pansi. Anayang'ana ine, anayang'ana mzere wa kumadzulo, anayang'ana wa kum'mawa, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

Mayi Sapuwa, anatero, lozani pomwe madzi anadutsa.

9.

Loweruka m'mawa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo dzina langa ndi Velo, nyumba yathu ili ndi chitseko cha buluu, amayi akuchotsa madzi pakhonde ndi tsache, Lusiya mng'ono wanga wagona m'kati chifukwa mano akumuvutitsa, mvula yaleka pang'ono ndipo anthu atuluka kudzaona kumwamba, ine ndikumva ng'oma ndikudabwa kuti kuli gule kuti nyengo ngati ino, ndiyang'ana kuphiri ndiona mitengo ikutsika ili chiimire, sindikuopa ayi, ndikungofuna kudziwa, ndikweza dzanja lamanja ndikuti amayi taonani mitengo ikuyenda, ndiye phaa padzanja, usaloze, usaloze iwe, andikankhira kwa Che Ajibu amene akudutsa akuthamanga sizasi ili m'manja, iwo atembenuka alowa pa chitseko cha buluu kukatenga Lusiya, Che Ajibu andinyamula m'khwapa ngati mpukutu wa nsalu, ndipo ine ndikuyang'ana m'mbuyo, chala changa chikadali chotambasuka chifukwa sindikudziwa kuti ndichiike pati

Sapuwa ndi dzina la amuna a azakhali anga. Cholembera ndinachisamutsira ndekha kumanzere. Dzanja lamanjalo ndinkaliopa.

Timadontho makumi asanu ndi atatu ndinaika ine, ndikudziwa kuti tonse tili pambali. Mwandimva ndikuseka milomo ndi zigongono za anzanga. Chigongono changa chinali cholembera chofiira. Ndipo inu amene mwawerenga kufika pano, nanunso ndakuzungulitsani kumsewu, manambala khumi ndi anayi, pakati ndikusiya poyera.

Pamene Bambo Chirambo akhoma chikhomo chachiwiri ndi pomwe panali khonde lathu.

Ndinakweza dzanja lamanja. Linali lolemera ngati la munthu wina. Ndinaloza kuphiri, pa mpata wa pakati pa matanthwe awiri, ndinatsitsa chala pang'onopang'ono motsata udzu wonse, kudutsa pa chikhomo, mpaka kumsewu.

Apa, ndinatero. Panadutsa apa. Mwana uja ndine. Chala ndi ichi, sichinawole.

Mizere yonse iwiri inayang'ana kumene chinkaloza. Ngati tsiku lija.

Phiri silinayankhe.

Wamuitana, anatero Mayi Nachisale.

Anabwera kale, mayi.

Kuloza sanaloze. Anamanganso chitenje chawo, natsika m'udzumo, nayenda mpaka cha pakati, naima.

Apa panali khitchini yanga, anatero. Apa ndi pa Bitiya, mwana wanga.

Che Ajibu anavundikira makina awo ndi nsalu nabwera. Podutsa pafupi nane anati, wakula, Velo. Anakaima cha kumunsi natchula dzina la mkazi wawo. Fanuwelo anakaima pomwe bambo ake ankamuuza kuti panali nyumba ya agogo ake. Wina. Wina. Wina. Mizere iwiri ija inasungunuka, pakati panadzaza. Palibe anakweza chala kupatula ine, aliyense anangoima ndi kutchula dzina, ndipo ndinaganiza kuti mwina mlonda watsopano ndi ameneyu, chifukwa pa dzina la munthu samangapo nyumba. Ndinalira, osabisa.

Bambo Chirambo anazula zikhomo ziwiri zija, nazigogoda kuti dothi lichoke.

Holo tikaifunira pamtunda, anatero. Ndili ndi mpaka faifi koloko.

Anatambasula mapu pabondo, nandipatsa cholembera chofiira.

Ndinachilandira ndi lamanja. Kadontho koyamba ndinakaika pa khonde lathu, ndipo kanatuluka kakakulu, kokhota, ka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.